Mwana akavulala kusukulu, aphunzitsi asamale ndi magazi

Magazi amachokera kuti?

Pa sukulu ya pulaimale ya ku Nsaru kapena ku Nambuma sipatha sabata osaoneka magazi. Wina wadzitema ndi chikwakwa potchetcha udzu, wina waphumuka chala pa mpira, wina kamfuno wamuyamba dzuwa la Okutobala litatentha. Chimene ambiri sitichiwerengera ndi lezala. Limodzi limayenda m'manja mwa ana khumi posongola mapensulo, ndipo likacheka mmodzi, mnzake amangolitola n'kupitiriza.

Mphunzitsi amene ali pafupi amathamanga ndi manja opanda kanthu. Ndi chifundo, koma manjawo akhoza kukhala ndi kabala kamene mwini wake sakukadziwa.

Osati HIV yokha

Tikamva za magazi timaganiza za HIV. Koma kachilombo ka hepatitis B, kamene kamawononga chiwindi, kamapatsirana mosavuta kuposa HIV, ndipo kamakhala kamoyo m'magazi ouma pa desiki kapena pa lezala kwa masiku 7. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002. Choncho ana ambiri amene ali m'kalasi lero anabayidwa ku sikelo, pamene aphunzitsi awo amene anabadwa chakacho chisanafike sanalandire. Wosatetezeka kwenikweni m'kalasimo angakhale mwini choko.

Magazi onse ndi amodzi

Musafunse kuti mwanayu ali bwanji m'thupi. Mwana amene amamwa ma ARV mokhulupirika amakhala ndi tizilombo tochepa kwambiri, pomwe amene akuoneka wathanzi mwina sanayezetseko. Kuvalira magolovesi mwana mmodzi n'kugwira ena ndi manja n'kuulula chinsinsi chake pamaso pa kalasi lonse, ndipo mawa sabweranso kusukulu. Valirani aliyense, ngakhale mwana wa ahedi.

Magolovesi akasowa

Nthawi zambiri amasowadi. Vekani dzanja jumbo yosabooka. Mwana wamkulupo angathe kudzipanikiza yekha pa bala ndi nsalu yoyera. Wa kamfuno akhale pansi, aweramire kutsogolo, atsine mphuno kwa mphindi 10. Zomuyang'anitsa kumwamba zimangomumwetsa magazi.

Magazi otayika pansi athireni JIK wosungunula. Ngati pa botolo palembedwa 3.5%, kapu imodzi isakanizidwe ndi makapu 6 a madzi. Nsanza, jumbo ndi lezalalo ziponyedwe m'chimbudzi chokumba, osati kudzala kumene ana amatolako zoseweretsa. Kenaka sambani m'manja ndi sopo. Komiti ya sukulu ikamagawa ndalama zotukulira sukulu za SIG, bokosi la magolovesi lisaiwalike.

Ngati magazi akukhudzani

Pa khungu lopanda bala, sopo ndi madzi n'zokwanira. Akalowa pa bala, m'maso kapena mkamwa, kapena lezala la magazi likakuchekani, tsukani ndi madzi ambiri osafinya balalo, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa maola 72 asanakwane, ndipo amamwedwa masiku 28. A ku Namitete ali ndi chipatala cha St Gabriel's, ena cha Kabudula, kapena chipatala chaching'ono chapafupi, kumene angakutumizeni koyenera. Zikachitika Lachisanu musadikire Lolemba. Pofika tsikulo maola aja adzakhala atatsala pang'ono kutha kapena atatha kale. Mukafika, funsaninso za hepatitis B.