Nyumba ili pamatayala, koma ugona pati?

Ku America kuli anthu ambiri amene akafuna kuyenda ulendo wautali sasaka basi kapena chipinda cha alendo. Amaliza galimoto yomwe mkati mwake muli bedi, khitchini, bafa ndi chimbudzi. Eniake amaitcha RV. Mungaganize kuti woyenda ndi nyumba yake alibe nkhawa ya pogona, koma dzuwa likapendeka naye amayamba kudzifunsa kuti aima pati pomwe sakamuthamangitsa pakati pa usiku.

Titenge msewu waukulu wa Interstate 10. Umayambira ku Santa Monica m'chigawo cha California n'kukathera ku Jacksonville m'chigawo cha Florida, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000. Umadutsa m'zigawo 8 ndipo chilichonse chili ndi malamulo akeake. M'mbali mwa msewuwu boma lidamanga malo opumira aulere okhala ndi zimbudzi. Ku Texas munthu amaloledwa kukhalapo mpaka maola 24, ku California maola 8, pomwe ku Florida ndi maola 3 basi. Malowa adawakonzera dalaivala yemwe tulo tamugwira, choncho wotulutsa mipando ndi mbaula panja akuputa apolisi.

Wofuna kugona mtima uli m'malo amapita ku malo olipira. Odziwika kwambiri ndi a kampani ya KOA, yomwe idayamba mu 1962 mumzinda wa Billings ku Montana. Mkulu wina, Dave Drum, ataona magalimoto a anthu opita ku chionetsero chachikulu ku Seattle akusowa poima, adawakonzera malo pamunda wake m'mphepete mwa mtsinje wa Yellowstone. Lero kampaniyi ili ndi malo oposa 500 ku America ndi ku Canada, ambiri mwa iwo pafupi ndi misewu ikuluikulu.

Chomwe anthu amalipirira kwenikweni ndi magetsi, madzi ndi potayira zonyansa. Galimoto ikaima amailumikiza ku chingwe cha magetsi ndi paipi ya madzi. Thanki ya chimbudzi ikadzaza iyenera kukhuthulidwa m'dzenje lovomerezeka, ndipo kutayira patchire ndi mlandu. Paja walira mvula walira matope. Oyendetsa zimagalimoto zitalizitali amafunanso malo oti alowere mbali ino n'kutulukira mbali inayo, chifukwa kubweza ngolo chammbuyo mumdima kwaphwanyitsa zinthu zambiri. M'miyezi ya June mpaka August, ana akatsekera sukulu, malowa amadzaza msanga, ndiye ochenjera amasungitsiratu pafoni kapena pa intaneti kudakali masana.

Amene thumba lawo ndi lopepuka amadalira mabwalo oimikapo magalimoto a masitolo a Walmart. Kwa zaka zambiri masitolowa akhala akulola anthu kugona usiku umodzi osalipira, koma chilolezo chili m'manja mwa bwana wa sitolo iliyonse, komanso mizinda ina idaletseratu. Mwambo wake ndi wakuti ulowe ukapemphe, uime kutali ndi khomo, ndipo kukacha unyamuke osasiya zinyalala.

Ena amakaima pomwetsera mafuta pomwe pamagona mathiraki, monga pa Pilot kapena Love's. Apa ndiye pamabuka mkangano. Lamulo la dzikolo limati dalaivala wa thiraki asayendetse kupitirira maola 11 asanapume maola 10 otsatizana. Akafika n'kupeza malo ake atatengedwa ndi munthu wongokayenda, amakakamizika kukaima m'mbali mwa msewu pomwe ngozi siichedwa.

Kumadzulo kwa dzikolo kuli mwayi wina. Nthambi ya boma ya Bureau of Land Management imalola anthu kukhala mwaulere m'madera ambiri omwe imayang'anira kwa masiku 14, kenako asamuke. Kumeneko kulibe mpopi kapena magetsi, madzi umabwera nawo wekha. Tauni yaing'ono ya Quartzsite ku Arizona, yomwe ili pa Interstate 10 pomwepo, imadzaza ndi magalimoto otere m'nyengo yozizira, anthu akamathawa chisanu cha kumpoto.

Si onse a ku Quartzsite amene ali patchuthi. Ena ndi achikulire omwe lendi ya nyumba idawakanika, ndipo amayendayenda kusaka maganyu. Moyo wawo ndi womwe udaonetsedwa m'filimu ya Nomadland, yomwe idapata mphotho ya Oscar mu 2021. Wapatchuthi akauzidwa kuti pano sipogona amangoonjezera ndalama n'kukalowa ku KOA. Koma nkhalamba yomwe galimotoyo ndiyo khomo lake lokhalo, chikwangwani choletsa kugona chikaikidwa pabwalo la sitolo, imayenera kuyendetsanso makilomita ena usiku, maso akulemera, mafuta nawo akutha.