Saint-Véran: Mudzi Umene Atambala Amajompha Nyenyezi

Ulendo wathu watifikitsa kum'mwera chakum'mawa kwa France, m'mapiri a Alps, m'boma la Hautes-Alpes. Mukatsika sitima pa Mont-Dauphin, kufupi ndi tauni ya Guillestre, mumalowa msewu wokhotakhota wotsata mtsinje wa Guil, phompho mbali iyi, thanthwe mbali inayo. Mukayenda makilomita pafupifupi 30, chitunda chokhachokha, mumaona nyumba zamitengo zitandandalika pamalo otsetsereka oyang'ana kudzuwa. Ndiye mwafika ku Saint-Véran, m'chigwa cha Queyras, pafupi ndi malire a Italy.

Mudziwu uli pamtunda wa mamita 2,042 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo uli m'gulu la midzi yokwera kwambiri ku Ulaya imene anthu amakhalamo chaka chonse. Eni ake amanyadira kuti kwawoko atambala amajompha nyenyezi. Dzina la mudziwu ndi la Véran, bishopu wa ku Cavaillon wa zaka za m'ma 500. Lero anthu okhazikika kuno sakwana 300, pamene m'zaka za m'ma 1800 ankaposa 800.

Kuti mumvetse anthu a kuno, yambani mwayang'ana nyumba zawo. Pansi pake ndi pamiyala, makoma ochindikala, mazenera ang'onoang'ono. Pamwamba ndi pamitengo ya mélèze yosanjikiza, yokhala ndi mipata yoti mphepo izidutsa. Chipinda chapamwambachi amachitcha fuste, ndipo ndicho chinali nkhokwe ya udzu wouma ndi mbewu. Chisanu chikafika, banja lonse linkasamukira m'khola. Mbali ina ng'ombe, bulu ndi nkhosa, mbali ina tebulo, mbaula ndi bedi lokhala ngati kabati. Mpweya ndi matupi a ziweto ndizo zinkafunditsa ana. Imodzi mwa nyumba zotere, yomangidwa mu 1641, inasanduka nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Le Soum. Mukawerama pakhomo pake n'kulowa, mumaona ndi maso kuti kuchokera pamene ankagona mwana kufika pamene inkadyera ng'ombe panali mapazi ochepa okha.

Anthu a m'mapiriwa ali ndi mawu akuti chaka chili ndi miyezi isanu ndi iwiri yachisanu ndi miyezi isanu yagehena. Gehenayo ndi ntchito. Chipale chofewa chikangosungunuka, panalibe wokhala pansi. Ankayenera kulima, kuthirira, kumweta udzu m'malo otsetsereka, kuutsitsira kumudzi ndi kutema nkhuni, zonsezo chisanu china chisanabwere. Mbewu yaikulu inali rye, mtundu wa tirigu wopirira kuzizira. Buledi ankaphika kangapo kokha pa chaka mu uvuni wa anthu onse. Ankamuumitsa mpaka kulimba gwa, moti pakudya ankachita kumudula ndi mpeni wapadera n'kumuviika mu msuzi kapena mkaka.

Mdani wina anali moto. Nyumba zamitengo zodzaza udzu wouma sizichedwa kuyaka. N'chifukwa chake mudziwu anaugawa zigawo zotalikirana pang'ono, monga La Ville, Le Villard, Pierre Belle, Les Forannes ndi Le Châtelet, kuti moto ukabuka mbali imodzi usamalize mudzi wonse. Chigawo chilichonse chinali ndi uvuni wake ndi chitsime chake, chimene malo ake osungira madzi ndi amatabwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kuno denga lake linali lolemera ndi chipale chofewa.

Mtima wochitira zinthu limodziwu unafika mpaka pa ulamuliro. Pa 29 May 1343, midzi ya dera la Briançon inasainirana pangano ndi wolamulira wawo, Humbert II. Inalipira ndalama za florin 12,000, n'kulonjezanso ndalama za ducat 4,000 chaka chilichonse, ndipo inapatsidwa ufulu wosankha atsogoleri ake, wogawana yokha misonkho ndi woyang'anira nkhalango, msipu ndi ngalande za madzi. Mgwirizanowu umadziwika ndi dzina loti Escartons, ndipo Queyras inali imodzi mwa zigawo zake zisanu. Pangano la Utrecht la mu 1713 linapereka zigawo zitatu kwa wolamulira wa Savoy, koma Queyras inatsala ku France, n'kusunga ufuluwo mpaka nthawi imene anthu a ku France anaukira ufumu mu 1789. Ku Ville-Vieille, kumunsi kwa chigwa, kukadali kabati imene ankasungamo zikalata. Ili ndi maloko asanu ndi atatu: kiyi mmodzi kwa uliwonse wa midzi isanu ndi iwiri ya Queyras, wotsalayo kwa mlembi. Palibe akanaitsegula yekha anzake kulibe.

Miyezi yokhala m'khola sinapite pachabe. Ana ankaphunzira kuwerenga ndi kulemba, mpaka dera lino linatchuka ndi anthu odziwa zilembo. Amuna ena ankatsikira kuchidikha kukafuna ntchito yauphunzitsi m'misika, atazika nthenga pachipewa. Kuchuluka kwa nthengazo kunkasonyeza zimene munthuyo angaphunzitse, ndipo wa nthenga zitatu ndiye ankadziwa ndi Chilatini chomwe. Otsala kumudzi ankasema mabokosi, mipando ndi ziwiya, luso limene lilipobe. Nkhani ya chipembedzo nayo inasiya zipsera, pakuti chigwachi chinaona nkhondo za Akatolika ndi Apulotesitanti. Lero tchalitchi cha Katolika, chimene pakhomo pake pali mikango iwiri yosemedwa pamwala, chili m'mudzi umodzi ndi kachisi wa Apulotesitanti womangidwa mu 1804.

Chuma china chinali pansi pa nthaka. Kumtunda kwa mudzi, pamalo otchedwa Clausis, anthu ankakumba mkuwa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Mgodiwu unatsegulidwanso m'zaka za m'ma 1900, koma sunapite patali. Madzi osefukira a mu June 1957 anawononga misewu ndi nyumba mu Queyras, ndipo pofika 1961 ntchito ya pamgodi inatheratu. Achinyamata ambiri anali atalowera kale ku Marseille ndi mizinda ina.

Zimene zikudyetsa mudziwu masiku ano ndi zomwe kale zinkausautsa: kukwera kwa malo ndi chipale chofewa. Nyengo yachisanu kumabwera anthu ochita masewera otsetsereka m'mapiri amene Saint-Véran imagawana ndi mudzi woyandikana nawo wa Molines. Nyengo yotentha kumabwera okonda kuyenda pansi m'malo otetezedwa a Queyras, amene anakhazikitsidwa mu 1977. Alendo amaima pansi pa makoma kuyang'ana mawotchi a dzuwa ojambulidwa ndi utoto, ena mwa iwo a Giovanni Francesco Zarbula, mmisiri wa ku Italy wa zaka za m'ma 1800. Ena amakwera phiri la Château-Renard, kumene mu 1974 anamangako malo oonera nyenyezi pamtunda wa mamita 2,930, kungotsala pang'ono kufanana ndi nsonga ya Sapitwa ku Mulanje. Alimi ochepa akadali ndi ng'ombe ndi nkhosa, ndipo mkaka wa m'chigwachi umapanga tchizi chotchedwa Bleu du Queyras.

Ndalama za alendo zasunga madenga ambiri amene akanagwa, ndipo izi n'zoyamika. Koma nyumba yokongola imene mazenera ake amakhala otseka miyezi yambiri pa chaka siibala mwana wopita kusukulu, siimweta udzu, siikonza ngalande. Chimene chinasunga Saint-Véran zaka mazanamazana ndi anthu okhala pomwepo, ogawana uvuni umodzi, chitsime chimodzi ndi makiyi a kabati imodzi.

Pa 16 July chaka chilichonse, anthu a kuno amakwera kupita ku kachalitchi ka Notre-Dame de Clausis. Anzawo a ku Chianale, tsidya la Italy, amadutsa pampata wa phiri wapansi n'kudzakumana nawo. Malire amene anaikidwa mu 1713 ali pomwepo, koma tsiku limenelo amapemphera ndi kudyera limodzi paudzu, monga ankachitira makolo awo.