Mtambo wowala umene nyenyezi yokalamba imasiya

Aphunzitsi, mukamawerenga nkhani za zakuthambo mudzakumana ndi mawu akuti planetary nebula. Wophunzira wachidwi akhoza kukufunsani kuti, "Kodi pulaneti yake ndi iti?" Zoona zake n'zakuti palibepo pulaneti. Dzinali linabwera chifukwa cha maonekedwe chabe, ndipo mukalimasulira liwu ndi liwu mudzasocheretsa ana. Choncho yambani mwamvetsa chinthu chenichenicho.

Liwu lakuti nebula ndi la Chilatini ndipo limatanthauza nkhungu kapena mtambo. Mu 1764 katswiri wa ku France, Charles Messier, anaona kamtambo kamene lero kamatchedwa Dumbbell Nebula. M'zaka za m'ma 1780, William Herschel, yemwe anatulukira pulaneti ya Uranus mu 1781, anaona timitambo tina tobulungira tooneka ngati mapulaneti mu telesikopu yake. Iye ndiye anafalitsa dzinali, ndipo linakhazikika anthu asanadziwe kuti timitamboti n'chiyani.

Nanga mtambowu umapangika bwanji? Nyenyezi imawala chifukwa pakati pake mpweya wa haidirojeni umasanduka heliyamu, ndipo kusandukako kumatulutsa kutentha ndi kuwala. Taganizirani nyenyezi yolemera ngati dzuwa lathu, kapena yoposa dzuwa mpaka ka 8. Haidirojeni wa pakati pake akatha, nyenyeziyo imafufuma n'kukhala yaikulu ndi yofiira. Kenaka imayamba kutaya mpweya wake wakunja. Chimene chimatsala ndi phata lotentha kwambiri, lotulutsa cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa ultraviolet. Chezachi chikamenya mpweya wotayidwa uja, mpweyawo umawala. Kuwala kumeneku ndiko timakuona ngati mtambo.

Mtambowu sukhalitsa. Mpweya wake umamwazika pa liwiro la makilomita pafupifupi 20 mpaka 30 pa sekondi imodzi, ndipo pakatha zaka pafupifupi 20,000 umazimiririka. Phata lija limatsala ngati kanyenyezi koyera, kakukula ngati dziko lathu lapansi, n'kumazizira pang'onopang'ono. Kwa nyenyezi imene yakhala zaka mabiliyoni, zaka 20,000 ndi kanthawi kochepa zedi. Ichi ndi chifukwa china chimene mu Mlalang'amba wathu, momwe muli nyenyezi zoposa mabiliyoni 100, mitambo yotere imene ikudziwika ilipo pafupifupi 3,000 yokha.

Akatswiri amailondalonda mitamboyi pa zifukwa zingapo. Choyamba, kuwala kwake kumaulula mitundu ya mpweya imene ili m'menemo. Mu 1864 William Huggins wa ku England anagawa kuwala kwa Cat's Eye Nebula m'mitundu yake, ndipo anapeza kuti ndi mpweya wowala, osati gulu la nyenyezi. Anaonanso mzere wobiriwira umene sunagwirizane ndi chinthu chilichonse chodziwika nthawi imeneyo. Ena anaganiza kuti apeza chinthu chatsopano, nachitcha nebulium. Mu 1927 Ira Bowen wa ku America anaonetsa kuti anali okosijeni wamba, koma wopyapyala kwambiri kuposa mmene angapezekere pansi pano.

Chachiwiri, mpweya umene nyenyezi yataya umakhala ndi kaboni ndi naitirojeni zimene zinapangidwa mkati mwa nyenyeziyo. Zinthuzi zimasakanizika ndi mitambo ina, ndipo m'mitambo imeneyo mumabadwa nyenyezi ndi mapulaneti atsopano. Gawo lalikulu la kaboni wa m'matupi mwathu ndi m'chimanga chimene timadya linachokera ku nyenyezi zokalamba zotere.

Chachitatu, mitamboyi imathandiza kuyeza kutalika kwa mtunda. Mitambo yowala kwambiri ya m'milalang'amba yosiyanasiyana imawala mofanana ndithu. Choncho akatswiri akaona mmene yazilalira m'mlalang'amba wina, amawerengera kuti mlalang'ambawo uli kutali bwanji.

Chachinayi, mitamboyi imationetsa tsogolo la dzuwa lathu. Dzuwa lili ndi zaka pafupifupi mabiliyoni 4.6, ndipo pakatha zaka zina pafupifupi mabiliyoni 5 nalonso lidzafufuma, kenaka lidzataya mpweya wake.

Ngati muli ndi intaneti, funafunani chithunzi cha Southern Ring Nebula. Mtambowu uli m'gulu la nyenyezi la Vela, m'thambo lakumwera limene ife timaliona bwino, ndipo unali m'gulu la zithunzi zoyamba zimene telesikopu ya James Webb inatulutsa mu Julayi 2022. Chiyang'aneni bwino, kenaka lembani ziganizo zitatu zofotokoza mtambowu kwa mwana wa pulayimale popanda kutchula liwu lakuti pulaneti. Pomaliza sankhani mawu a chilankhulo chimene mumaphunzitsa amene angatchule mtambowu molondola, ndipo fotokozani chifukwa chimene mwawasankhira.