Phewa la Azakhali Anga: Kodi Kuchira Timakuyeza Bwanji?

Pa tchuthi chapitachi ndinapeza azakhali anga, amene akhala akuthyola tiyi kwa zaka zambiri pa esiteti ina ku Thyolo, akugona chokhala. Phewa lakumanja linkawapweteka kotero kuti akagonera mbali imeneyo tulo tinkawathawa. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi ndi kuwaphunzitsa mafizo. Patapita milungu ingapo ndinawaperekeza kukaonedwanso. Adokotala anawauza kuti akweze mkono, ndipo ataona kuti ukufika m'mwamba anati, "Mayi, mwachira." Koma tili m'njira azakhali anandiuza motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, mkono ukukwera ndithu, koma dengu la tiyi sindingathe kulibereka."

Anzanga, ndani ananena zoona? Onse awiri. Kungoti aliyense anali kuyeza chinthu chake.

Amene simunaonepo ntchitoyi, dziwani kuti wothyola tiyi amabereka dengu kumsana, zingwe zake zitakoleka m'mapewa. Manja onse awiri amakhala otambasuka pamwamba pa tiyi, ndipo akadzaza amaponya masambawo kumbuyo m'dengu. Amachita zimenezi kambirimbiri pa tsiku, makamaka nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene tiyi amaphukira msanga. Masambawo amakayezedwa pa sikelo, ndipo makilogalamu akachepa ndalama nazonso zimachepa. Kwa munthu wotere phewa ndiye khasu lake.

Funso la azakhali lija limavutitsanso akatswiri a zofufuza. Akafuna kudziwa ngati chithandizo china chili chothandiza, amagawa odwala m'magulu mwamaere: gulu lina lilandira chithandizocho, lina ayi, ndipo pamapeto amayerekeza magulu onsewo. Koma asanayambe ayenera kugwirizana kuti adzayeza chiyani. Ululu kodi? Kukwera kwa mkono? Mphamvu? Tulo? Akasankha molakwa, akhoza kulengeza kuti mankhwala ndi abwino pamene odwala akubuulabe.

M'chaka cha 2018 akatswiri ena anafalitsa zomwe anapeza ataunika makafukufuku 409 a matenda a phewa. Anapeza kuti ofufuzawo anagwiritsa ntchito miyeso yosiyanasiyana yokwana 319. Taganizani za msika wa Bvumbwe: wina akugulitsa nyemba pa mbale, wina pa ndowa, wina pa sikelo. Mungadziwe bwanji amene akutchipitsa? N'chimodzimodzinso ndi makafukufuku aja. Zotsatira zake zimavuta kuziphatikiza, ndipo ndalama ndi nthawi ya odwala zimangopita pachabe.

Pofuna kuthetsa chisokonezochi, bungwe lotchedwa OMERACT, lomwe linayamba mu 1992 ku Maastricht m'dziko la Netherlands, linasonkhanitsa madokotala, a mafizo, ofufuza ndiponso odwala eniake. Paja mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano wawo wa mu 2018 ku Australia anagwirizana kuti kafukufuku aliyense wa phewa aziyeza zinthu zinayi izi: ululu, zimene munthu akutha kuchita ndi mkono wake pa ntchito za tsiku ndi tsiku, mmene wodwalayo mwini akuonera phewa lake lonse, ndi zovuta zonse zobwera m'kati mwa chithandizo, kuphatikizapo imfa. Zinthu monga tulo, nkhawa ndi kubwerera ku ntchito anati n'zofunika, koma sanakakamize kuti ziziyezedwa nthawi zonse.

Onani kuti zitatu mwa zinayizo amazidziwa bwino ndi wodwala yekha. Palibe makina ojambulira amene angaone ululu. Ku Britain anachita kafukufuku wotchedwa CSAW, amene anatuluka mu magazini ya The Lancet, pa odwala 313. Ena anawachita opaleshoni yopala fupa la pamwamba pa phewa, ena anangowalowetsa kakamera osapala kanthu, ndipo ena sanawachite opaleshoni konse. Patatha miyezi 6 anafunsa odwalawo za ululu ndi ntchito zawo. Opalidwa fupa sanapose aja a kamera yokha. Akadangoyeza ngati fupa lapalika bwino, bwenzi opaleshoniyo ikutamandidwa popanda chifukwa.

Komabe ine mtima wanga sunakhazikike. Mafunso ambiri oyezera phewa analembedwa kumayiko akutali. Mndandanda wina wotchuka, SPADI, wa mu 1991, uli ndi mafunso 13, ndipo limodzi limafunsa ngati munthu angathe kunyamula katundu wa makilogalamu anayi ndi theka. Azakhali anga angayankhe kuti inde, ndipo pa pepala angaoneke ochira. Koma ndowa ya madzi ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo dengu la tiyi samangolinyamula kamodzi n'kulitula, amayenda nalo tsiku lonse m'malo otsetsereka. Ku Thyolo kubwerera ku ntchito si nkhani yoti "ngati mukufuna". Ndi ufa wa m'nyumba, ndiponso fizi ya ana.

Tsono maganizo anga ndi awa. Ofufuza athu, monga a pa Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, akamayesa chithandizo cha phewa aziyeza zinayi zija kuti zotsatira zathu ziyerekezeke ndi za mayiko ena. Pamwamba pake awonjezere zakwathu: masiku amene munthu wajomba ku ntchito, makilogalamu amene akuthyola, kutha kusinja, kutunga madzi ndi kubereka mwana. Mafunsowo akhale m'Chichewa chomveka, ndipo othyola tiyi afunsidwe kafukufuku asanayambe.

Ena mwa inu mudzakhala madokotala, ena aphunzitsi, ena atsogoleri a anthu. Musanauze munthu kuti wachira, yambani mwamufunsa chimene iye akufuna kuchitanso. Azakhali anga sanabwererebe m'munda wa tiyi. Akupitiriza mafizo, ndipo akuti tsiku limene adzatule dengu lodzaza pa sikelo ndi pamene adzandiuze kuti achira.