Benjamin O. Davis Jr.: Msilikali Amene Anzake Anakana Kumulankhula

Nkhani ino ikufotokoza mbiri ya ntchito ya Benjamin O. Davis Jr., munthu wakuda woyamba kufika pa udindo wa General m'gulu lankhondo la ndege la dziko la America. Mbiriyi ikusonyeza momwe kumana munthu mawu kumakhalira chida cha tsankho.

Davis anabadwa mu 1912 mumzinda wa Washington. Mu 1932 analowa sukulu ya asilikali ya West Point, ndipo pa nthawiyo wophunzira wakuda anali iye yekha. Anzake anapangana zomusala. Kwa zaka zinayi sankamulankhula pokhapokha pa nkhani za ntchito, ndipo ankagona m'chipinda cha yekha. Cholinga chawo chinali choti atope, asiye sukulu. Iye anapirira, ndipo mu 1936 anamaliza ali pa nambala 35 mwa ophunzira 276.

Ngakhale anakhoza chotere, anamukaniza kuphunzira kuulutsa ndege chifukwa cha khungu lake. Mwayi unapezeka pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, boma litayamba kuphunzitsa anthu akuda ku Tuskegee. Davis anamaliza maphunzirowo mu 1942, ndipo mu 1943 anatsogolera gulu la 99 kumpoto kwa Africa. Chaka chomwecho akuluakulu ena analemba lipoti loti gululi silikuchita bwino, lichotsedwe kutsogolo kwa nkhondo. Apa Davis sanakhale chete. Anakaliteteza pamaso pa komiti ya boma ku Washington, podziwa kuti akalephera, khomo litsekeka kwa akuda onse ofuna kuulutsa ndege zankhondo. Gululi linapitiriza kumenya nkhondo, ndipo mu 1944 iye anatsogolera gulu lokulirapo la 332 ku Italy, lomwe linkaperekeza ndege zoponya mabomba.

Mu 1948 Pulezidenti Harry Truman analamula kuti tsankho lithe pakati pa asilikali. Davis anakwezedwa kukhala Brigadier General mu 1954, ndipo anapuma pantchito mu 1970 ali ndi nyenyezi zitatu. Nyenyezi yachinayi anamuveka Pulezidenti Bill Clinton mu 1998. Anamwalira mu 2002.

Pomaliza, tikuona kuti Davis ankadziwa nthawi yokhala chete ndi nthawi yolankhula. Pomusala iye mwini anadekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma tsogolo la anzake litakhala pangozi, anatsegula pakamwa.