NYAMAKAZI YA ANA: MANKHWALA A KAMODZI PA SABATA

Amayi, nyamakazi si matenda a okalamba okha. Imagwiranso ana osakwana zaka 16, ngakhale wa zaka ziwiri amene mumabwera naye kusikelo. Siyopatsirana ndipo siyochokera ku ufiti. Chimene chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi la mwana chimasokonezeka, n'kuyamba kulimbana ndi malo olumikizana mafupa.

Zizindikiro zake

Bondo, kakolo kapena zala zimatupa kwa masabata 6 kapena kuposerapo. M'mawa mwana amadzuka ali wouma ziwalo, amatsimphina kapena kukana kuyenda, koma dzuwa likakwera amapezako bwino. Akapanda kuthandizidwa, chiwalo chimapindika ndipo mwana angalumale.

Koma ngati chiwalo chatupa mwadzidzidzi, chikutentha, thupi lonse latentha, kapena ululu ukusamukasamuka pambuyo pa zilonda zapakhosi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Amenewo ndi matenda ena amene angaononge fupa kapena mtima msanga.

Kokapeza chithandizo

Yambirani kuchipatala cha kwanu, monga cha Ndirande, Limbe, Bangwe, Zingwangwa kapena Chilomoni. Kumeneko adzakutumizani ku Queen Elizabeth, kumene kuli madokotala a ana. Musamuteme mphini mwanayo, ndipo musagule mankhwala pamsika.

Mankhwala ake

Poyamba dokotala amapereka ibuprofen, womwa atadya, kuti ululu ndi kutupa zichepe. Kutupa kukakanika kapena kukagwira ziwalo zambiri, amapereka mapiritsi otchedwa methotrexate. Mankhwalawa ndi akale, otsika mtengo poyerekeza ndi majekeseni atsopano, ndipo kafukufuku wa madokotala a ku America ndi ku Russia adasonyeza mu 1992 kuti amathandiza ana odwala matendawa. Amagwira ntchito pang'onopang'ono: kusintha kumaoneka pakapita masabata 6 mpaka 12. Musataye mtima n'kuwasiya panjira.

Malamulo oyenera kusunga

1. Methotrexate amamwa KAMODZI PA SABATA, osati tsiku lililonse. Kumwa tsiku ndi tsiku kungaphe mwana. Sankhani tsiku limodzi, monga Loweruka, ndipo lilembedwe m'buku lake lakuchipatala.

2. Mpatseni folic acid pa tsiku limene dokotala wanena. Amachepetsa nseru ndi zilonda zam'kamwa.

3. Mwana amene ali pa methotrexate asamwe Bactrim. Mankhwala awiriwa akakumana amaononga magazi. Uzani aliyense womupima za mapiritsi amene akumwa.

4. Musaphonye tsiku lokapimitsa magazi, chifukwa ndi mmene dokotala amadziwira ngati chiwindi chili bwino.

5. Akatentha thupi, akatuluka zilonda m'kamwa, kapena akakhala pafupi ndi wodwala katsabola kapena chikuku, bwererani naye kuchipatala msanga. Funsaninso dokotala asanalandire katemera.

6. Sungani mapiritsiwa patali ndi ana ena. Mayi woyembekezera asawagwire, pakuti amaononga mwana wosabadwa.

7. Ngati wapatsidwa prednisolone, musamusiyitse mwadzidzidzi.

Maso ndi masewera

Nyamakazi imeneyi imatha kuononga maso mwakachetechete, popanda kufiira kapena kuwawa. Kapimitseni maso ake nthawi ndi nthawi monga mwa malangizo a dokotala. Mulekeni asewere ndi anzake, pakuti chiwalo chongokhala chimauma.

Mwana wothandizidwa msanga, amene mayi wake amasunga tsiku la mankhwala, angathe kukula akuyenda ndi kupita kusukulu monga ana ena onse.