Ululu wa m'munsi mwa chala chachikulu: chifukwa chake jakisoni amachiza ena, ena ayi

Amayi ambiri amaudziwa ululu uwu ngakhale sadziwa dzina lake. Umamveka pamene dzanja lalumikizana ndi mkono, mbali ya chala chachikulu, ndipo umabaya ponyamula khanda, pofinya zovala kapena povundula nsima. Kuno ku Zomba umagwiranso amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni kuphiri, ndi asodzi okoka makoka ku Chilwa. Achipatala amautchula de Quervain, dzina la dokotala wa ku Switzerland, Fritz de Quervain, amene anaufotokoza mu 1895.

Amene tinasewerapo ndi phazi la nkhuku tili ana tikukumbukira kuti mukakoka kachingwe koyera kaja, zala zimapindika. Zala zathunso zimayendetsedwa ndi tizingwe totere. Pa Chichewa timangoti mitsempha, koma si ya magazi ayi. Kuseri kwa dzanja, tizingwe towongola zala timadutsa m'mipata 6, pansi pa mnofu wolimba wokhala ngati lamba. Mumpata woyamba mumadutsa tiwiri tokweza chala chachikulu. Lambayo akakhuthala chifukwa cha ntchito yobwerezabwereza, mpata umachepa, tizingwe timakhulana, ululu n'kuyamba.

Ife aphunzitsi timakonda zithunzi za m'mabuku, zoonetsa mpata umodzi ndi tizingwe tiwiri basi. Koma manja a anthu sali ofanana chotero. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu, mwinanso kuposa, ali ndi kakhoma kamene kamagawa mpatawo pawiri, kachingwe kamodzi n'kukhala m'kachipinda kakekake. Komanso anthu ambiri, kachingwe kenako kamakhala kogawikana, kawiri kapena katatu. Izi si chilema kapena matenda. Ndi mmene munthu anabadwira, ndipo dzanja lamanja likhoza kusiyana ndi lamanzere.

Kakhoma kameneka kamakhala nkhani yaikulu nthawi yolandira chithandizo. Poyamba achipatala amamanga dzanja kuti chala chipume, n'kupereka mankhwala ochepetsa ululu. Zikakanika, amabaya jakisoni wa steroid mumpatamo, ndipo ambiri amachira. Koma ngati muli kakhoma, mankhwala amatha kudzaza chipinda chimodzi chokha, china osalowamo. Mayi amabwerera kunyumba, ululu uli pomwepo, achibale n'kuyamba kunena kuti kuchipatala zalephereka, tiyeni akatemedwe mphini. Abale ndi alongo, mphini zimangocheka khungu, vuto lili mkati. Ndipo pamalo omwewo pamadutsa mtsempha womvera kukhudza. Ukavulala, kuseri kwa chalacho kumachita dzanzi kapena kuwotcha kwa nthawi yaitali.

Choyenera n'kubwereranso kukanena kuti jakisoni woyamba sanathandize. Dokotala angathe kubayanso molunjika kachipinda kachiwiriko, ndipo kumene kuli makina ounikira a ultrasound, kakhomako kamatha kuoneka asanabaye. Opaleshoni yake, ikafunika, ndi yaing'ono: amang'amba lamba uja kuti tizingwe timasuke. Apanso dokotala amafufuza ngati muli kakhoma, chifukwa nthambi za kachingwe kamodzi zingamupusitse kuti wamasula tonse tiwiri pamene kena kadakali kotsekeredwa.

Dziwaninso kuti kwa ife akhungu lakuda, pamene abaya jakisoniyu pamatha kuyezuka pakapita masabata angapo, ndipo nthawi zambiri mtundu umabwerera pang'onopang'ono. Odwala shuga auzeni adokotala asanabaye, popeza shuga amatha kukwera kwa masiku ochepa.

Mukafuna kudziyesa, pindani chala chachikulu m'chikhatho, chifumbateni ndi zala zinazo, kenako pendekani dzanja pang'ono kulowera ku chala chaching'ono. Ngati pabaya kwambiri m'munsi mwa chala chachikulu, yambirani kuchipatala chapafupi. Iwo angakutumizeni kwa oona za mafupa, monga a pa Zomba Central Hospital. Podikira, mwana mumunyamule mom'fungatira ndi mkono wonse, osati m'khwapa, ndipo zofinya zovala bambo kapena ana akuluakulu athandizeko.